Chenjezo kwa makolo a ku Harare: siyani kutuma ana kumsewu nthawi ya sukulu

Abale anga a ku Mbare, Epworth, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, tamverani. Chizolowezi chotuma ana kukagulitsa malonda nthawi ya sukulu chafika poipa, ndipo chochititsa manyazi n'chakuti ena mumachitcha kulera. Mwana wa Giredi 4 ali pa maloboti ndi mazira owiritsa, wina akusenza madengu a tomato pamsika wa Mbare Musika kusanache, inu n'kumati akuphunzira kudzidalira. Chimene akuphunzira n'chakuti sukulu ikhoza kudikira.

Lamulo silili kumbali yanu. Ndime 81 ya malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 imati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo ayenera kutetezedwa ku ntchito zomudyera masuku pamutu. Kuyambira 2015, palibe wololedwa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 16.

Umphawi ulipo, palibe akukana. Koma taonani mmene zimayendera. Mwana akajomba masiku awiri pa sabata, amatsalira pa kuwerenga ndi masamu. Akabwereza kalasi amakhala ndi ana aang'ono kwa iye, manyazi amamugwira, kenaka amangosiya. Pamsewupo wazolowera kugwira ndalama tsiku ndi tsiku popanda womufunsa, ndipo ogulitsa mankhwala ozunguza bongo monga mutoriro ndi bronko amadziwa bwino mwana amene ali ndi tindalama m'thumba. Mtsikana ndiye amakumana ndi abambo omulonjeza kugula dengu lonse. Pakatha zaka khumi, yemweyo ndi kholo lopanda satifiketi, lotumanso mwana wake ku maloboti omwewo.

Inu otumiza ana kwa achibale ku mafamu a fodya ku Mashonaland pa holide, dziwani kuti chikonga cha m'masamba aawisi, makamaka onyowa ndi mame kapena mvula, chimalowa kudzera pakhungu. Mwana akamachita chizungulire, kusanza ndi kumva mutu atathyola fodya, musathamangire kunena kuti walodzedwa. Ndi poizoni, ndipo thupi laling'ono limagonja msanga.

Khalidwe limene timadandaula kuti ana alibe, timaliwononga tokha. Mayi wouza mwana kuti "ukawauze kuti ndiwe wamasiye" wamuphunzitsa bodza ndi pakamwa pake. Bambo wolanda ndalama za malonda a mwana n'kukamwera mowa wamuonetsa kuti thukuta la wofooka ndi chakudya cha wamphamvu. M'mera mpoyamba. Ntchito yophunzitsa mwana khalidwe ndi yapakhomo: kutsuka mbale, kusesa, kuchapa yunifolomu yake, ola limodzi akaweruka, homuweki itatha. Mukamutuma kugolosale, abweze chenji chonse ndipo muwerengere limodzi. Akayamba ntchito aimalize. Inunso mukalonjeza, kwaniritsani, chifukwa mwana amatengera zimene akuona osati zimene akumva. Za madzi nazo, tonse tikudziwa kuti mipopi ya kuno imauma, koma kutuma mtsikana kukaima pamzere wa pamjigo usiku ndi kusasamala. Pitani nokha, kapena apite masana ndi wamkulu.

Tsono za fizi. Lamulo la maphunziro losinthidwa mu 2020 limaletsa kuthamangitsa mwana pasukulu chifukwa cha fizi kapena mimba. Musamubise mwana kunyumba poopa ngongole. Pitani kwa ahedi, mugwirizane zolipira pang'onopang'ono, ndipo zilembedwe. Funsaninso za BEAM, thandizo la boma la ana ovutika lomwe linayamba mu 2001. Mayina amasankhidwa ndi komiti ya m'dera, choncho wosaonekera pamisonkhano ya sukulu amaiwalika. Ndalama zake zimachedwa kufika, n'zoona, koma dzina likhalemo. Amene muli mu mukando, gulu losonkherana ndalama, ikani gawo la fizi padera musanagule mapoto. Dola imodzi patsiku kwa miyezi itatu ndi madola 90, ndipo matemu ndi atatu pachaka.

Vuto lathu lenileni ife a magazi a ku Malawi ndi mapepala. Ana ambiri alibe chikalata cha kubadwa chifukwa makolo awo nawonso alibe chitupa, ndiye amavutika pa nthawi yolembetsa mayeso a boma a ZIMSEC. Lamulo limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 atabadwa. Sungani khadi la kuchipatala pouma. Ngati munachedwa, pitanibe ku Civil Registry, ofesi ya zikalata za kubadwa ndi zitupa, ndi khadilo komanso achibale okuchitirani umboni. Ndime 43 ya malamulo aakulu imati wobadwira muno lamulolo lisanayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, ndipo iye ankakhala muno pomwe lamulolo linkayamba, ndi nzika mwa kubadwa.

Atsogoleri a mipingo, mizikiti ndi mabungwe a maliro, nkhani imeneyi ikambidwe pamisonkhano yanu, ndipo mulembe mabanja amene ana awo sakupita kusukulu. Mukaona mwana akugwiritsidwa ntchito yoopsa kapena akuzunzidwa, imbani ku bungwe lothandiza ana la Childline pa 116, n'kwaulere.