Chenjezo kwa inu a m'komiti za mafulati kuno ku Joni

Ana anga, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndakhala zaka zambiri m'fulati yanga ku Berea, ndipo mtima umasangalala ndikaona Amalawi akugula mafulati awoawo, ena mpaka kusankhidwa kukhala ma trustee, ndiye kuti a m'komiti yoyendetsa body corporate, bungwe la eni mafulati onse a m'nyumba imodzi. Koma zimene ena mwa inu mukuchita pampando umenewo zikundisowetsa tulo.

Ndalama za levy, zimene eni mafulati amasonkha mwezi ndi mwezi zosamalira nyumba, si zanu. Ndi thukuta la mayi uja wa pamwamba penipeni, amene amakwera taxi mbandakucha kukachapa ndi kusita m'nyumba za eni ku Sandton. Mukamazigwira, muziona nkhope yake.

M'nyumba yathu denga lidayamba kudontha. Mmodzi wa m'komiti adapereka ntchito yomata dengalo kwa mlamu wake. Sadafunse mitengo kwina, msonkhano sudachitike, nkhani idathera pa WhatsApp usiku anthu atagona. Mvula ya Disembala itabwera, tidadzuka n'kupeza zidebe zitatu zili ndandanda mukhonde, madzi akuyenderera pakhoma kulunjika pa bokosi la magetsi. Mlamu uja foni yake yosagwirika. Ndipo palibe wa m'komiti adalimba mtima kumulondola, paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mapeto ake tonse tidasonkhetsedwa levy ina yapadera (special levy) kuti ntchito yomweyo igwiridwe kachiwiri, kuphatikizapo agogo odalira penshoni.

Musamati simudziwa. Lamulo la Sectional Titles Schemes Management Act la 2011, limene lidayamba kugwira ntchito pa 7 Okutobala 2016, likunena poyera kuti trustee agwire ntchito mokhulupirika, mokomera eni nyumba onse, osati mimba yake. Nkhani ikakhudza phindu lako, tuluka m'chipindamo, ena akambirane iwe kulibe. Ukaphwanya zimenezi anthu n'kuluza ndalama, ungathe kubweza kuchokera m'thumba mwako. Kodi mlamu wakoyo adzakuthandiza kubweza?

Chinanso ndi tsankho. Wakwanu wa ku Mangochi ali ndi ngongole ya levy ya miyezi isanu ndi umodzi, inu zii. Mzimbabwe wa pa fulati yoyandikana akachedwa mwezi umodzi, mwathamanga kukamudulira magetsi. Manyazi mulibe? Komanso dziwani kuti kudulira munthu magetsi popanda chilolezo cha khoti n'kulakwira lamulo, ngakhale ali ndi ngongole yeniyeni.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi ichi chozengereza kukonza zinthu pofuna kuti anthu akukondeni. Mumakana kukweza levy kuti akusankheninso, mukutapa m'thumba la ndalama zosungira zokonza nyumba (reserve fund) kulipira mabilu a mwezi ndi mwezi, pomwe lamulo likufuna kuti thumbalo lisungidwe ndi kuti pakhale pulani ya zaka 10 ya zokonza. Lift yafa miyezi ingati tsopano? Dzulo ndidagwada pa masitepe kuwerenga kapepala ka pa chozimitsira moto, ndidapeza kuti tsiku loti chionedwenso lidadutsa kalekale. Chitseko chothawira moto mwachikhoma ndi loko, ati kuopa akuba.

Sitidaiwale za pa 31 Ogasiti 2023, pamene moto wa m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown udapha anthu 76, ena mwa iwo abale athu a ku Malawi. Inde, ija idali nyumba ya khonsolo yolandidwa ndi zigawenga, sidali ya body corporate. Koma yendani mu Hillbrow muone nyumba zimene kale zidali zonyaditsa. Zambiri zidayamba kugwa pamene levy idasiya kutoleredwa, makomiti n'kubalalika.

Pa AGM ikubwerayi, msonkhano wapachaka wa eni mafulati tonse, ndikhala kutsogolo. Ndidzafuna kuona mitengo yonse imene mudafunsa, mabuku owerengedwa ndi auditor, ndi kiyi wa loko uja. Mukadzandizemba, ndikukasuma ku CSOS, bungwe la boma lomva madandaulo a m'mafulati ngati athuwa, ndipo sindidzayang'ana kuti ndiwe mwana wa yani kumudzi.