Tsikani m'siling'imo, ana inu!

Loweruka lapitali kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, mnyamata wina wagwa kuchokera m'siling'i mpaka pa simenti, mkono thyo, chikhatho chonse kupsa. Ankaika ma downlight, nyali zolowa m'siling'i zimene aliyense wazikonda masiku ano, m'nyumba ya azakhali ake. Poti magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, iye anati kutsitsa bureka, swichi yothimitsira magetsi m'nyumba, n'kutaya nthawi. Magetsi anabwera waya wosenda uli m'manja mwake. Atanjenjemera anaponda pa bolodi m'malo mwa mtanda, bolodi n'kubooka.

Mwanditopetsa, ana inu. Kodi ZESA, kampani yathu ya magetsi, inayamba liti kugogoda pachitseko isanabweze magetsi? Kutsitsa bureka n'kumatapo tepi kuti wina asaikweze, kumatenga maola angati? Nanga inu a sola, inveta mwaisiya ikulira pakona, batire lili lodzaza, mukuyesa moto wake suluma? Ndi mavoti 230 omwewo! Tesitala yoyezera magetsi mulibe, koma foni yoonera YouTube ndiye simuisiya pansi.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi fumbi. Nyumba zambiri za ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Highfield zinafoleredwa ndi asibesitosi, ndipo m'nyumba zina zakale ngakhale mabolodi a siling'i ndi omwewo. Akuluakulu athu ena ochokera kumudzi anagwira ntchito ku migodi ya Shabanie ndi Mashaba, kumene ankakumba mwala umenewu, ndipo amadziwa chimene umachita m'chifuwa. Inu mukungoboola, osafunsa n'komwe kuti bolodi ndi la mtundu wanji, pakamwa ndi mphuno zili pamtunda. Fumbi loyera mbuu pa bedi, pa mbale, mu ufa, khanda likukwawa pomwepo, kenako mlongo wanu akusesa ndi tsache louma kuti liuluke bwino. Matenda ake sabwera mawa. Amadikira zaka 20 kapena 30, mwana uja atakula. Mudzamuuza chiyani?

Ndiye pali kutentha. Babu la halojeni la mawati 50 limatentha kupitirira madigiri 200, koma wina akuliika m'siling'i ya pulasitiki ya PVC chifukwa walipeza lotchipa, pamene a LED a mawati 5 ali mbwee m'tauni. Pamwamba pakepo pali chiyani? Zisa za makoswe, masaka akale, makatoni amene agogo anaponya kumeneko kalekale. Ngakhale LED yomweyo, kabokosi kake kamafuna mpweya, inu mwakakwirira. Mawaya mwangopota ndi zala n'kukulunga tepi yakuda, bokosi lolumikizira mulibe, ndipo m'malo mwa waya wa 1.5 mm mwakoka waya wa sipika. Wa sipika! Tepiyo ikamatuka ndi dzuwa la October pansi pa denga, adzaiona ndani?

Ena afika podula mtanda wa denga ati kuti nyali zikhale pamzere wowongoka. Ena m'bafa, mmene nthunzi imakwera tsiku lililonse, pansi penipeni pa giza, aika nyali ya pabalaza. Zolembedwa IP65, zosalowa madzi, simunazione?

Moto wa m'siling'i suoneka msanga. Umayenda pamwamba anthu ali m'tulo, utsi n'kumatsikira m'zipinda, mawindo onse ali ndi zitsulo zotchinga akuba, kiyi wa geti sakudziwika ali kuti. Nyumba zathuzi mumagona agogo, zidzukulu ndi anthu ochita lendi. Ndipo kuno kumene madzi timachita kukatunga pa mjigo, mudzauzimitsa ndi chiyani? Chigubu chimodzi chija cha kukhitchini?

Inunso eni nyumba, amalume ndi azakhali, musabisale kumbuyo kwa anyamatawa. Ana a ku Johannesburg ndi ku London akatumiza ndalama, matailosi mumagula osanenerera, makatani mumasankha odula, koma pa wamagetsi mpamene dzanja limauma. Mumatuma mwana wa mchemwali wanu kukwera kudenga, malipiro ake mbale ya nsima ndi kokakola. Ndi chikondi chimenecho? Mayi ake mudzawayang'ana bwanji kumaso?

Nyalizo n'zokongola, sindikukana. Itanani wamagetsi amene anaphunzira ntchito yake, mumulipire. Ngati ndalama palibe, babu limodzi lija lisiyeni lilendewere, ndipo chotsani makwerero m'nyumbamo lero lomwe!