Notre Dame ikawina, wolipira ndi msana wanga

Inu a kumudzi mukamva zoti ku South Bend, kuno ku Amereka, kuli Amalawi ambiri, mumangoti anthuwa anaponda mwala, akudya bwino. Bwerani mudzaone. Tauni ino ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndi timu ya mpira wachimereka ya yunivesite ya Notre Dame. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala, Loweruka limene timuyi ikusewera pakwawo, anthu oposa 77,000 amadzazana m'bwalo limodzi, ena kuchokera ku Chicago, ena pandege kuchokera kutali. Apolisi amatembenuza misewu kuti magalimoto onse aziyang'ana kumodzi. Iwe wavala yunifolomu ukuthamangira shifiti ya 3 koloko masana, wangoti njo pamzere, pambali pako anthu akuwotcha nyama poimika magalimoto, mowa uli m'manja chiyambire m'mawa.

Koma chaka cha 2024 ndiye chinandikwana.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kukakhala gemu, anzathu eni dziko amadwala onse nthawi imodzi. Lachisanu madzulo mafoni ayamba: uyu mutu, uyu mwana watentha thupi, uyu galimoto yakana kulira. Abwana okonza ndandanda savutika n'kufunsa kwina, amadziwa kuti Mmalawi sakana ovataimu. Amachita kunena mokuyamikira, ati inu a ku Africa ndinu olimbikira. Kulimbikira kwa chiyani? Miyezi imeneyi ndi imene WhatsApp siipuma. Amayi akufuna feteleza mvula isanagwe, achemwali akufuna fizi ya ana, ndiye ukana bwanji shifiti?

Pa 7 Seputembala Notre Dame inali nambala 5 m'dziko lonse, itangochokera kokagonjetsa Texas A&M 23-13. Inaitana Northern Illinois, katimu ka ku DeKalb, n'kukalipira madola 1.4 miliyoni kuti kabwere kadzakwapulidwe. Ndi mmene amachitira kuno, timu yaikulu imagula gemu yophweka ngati kugula mbuzi yokapha pa chikondwerero. Alendo aja anatenga ndalama, natenganso gemu, 16-14. Ine tsikulo ndinali m'chipinda cha agogo ena aamuna, chipewa chobiriwira chili kumutu, akana kudya, akana kuti ndiwasinthe zovala mpaka mpira uthe. Supu inazizira mpaka kuchita khungu pamwamba. Mpira womaliza utatchingidwa anaponya rimoti kukhoma, mabatire mbwee kunsi kwa bedi. Wogwada kukatola ndine, wokalipiridwa kuti agogo adya mochedwa ndinenso.

Kuntchito Amalawi tinanong'onezana kuti basi, chaka chino mpira watha msanga, tipuma. Kupuma kuti? Sabata yotsatira anakaiswa Purdue 66-7, ndipo sanagonjenso mpaka Januwale. Florida State inabwera mu Novembala n'kubwerera ndi 52-3. Akamawina, anthu obwera amachuluka, ndipo chilichonse m'tauni muno chimakwera mtengo kupatula malipiro athu.

Nkhani ya nyumba ndiye imandiwawa kwambiri. Alandilodi athu anatiuza mwaulemu ndithu, akumwetulira, kuti kontilakiti ikatha tisamuke. Aona kuti kubwereketsa nyumba kwa anthu a gemu masiku awiri awiri kuli ndi phindu kuposa kusunga banja lolipira lendi mwezi ndi mwezi, osaphonyako. Tinasamukira kutali, petulo wowonjezera ndi wathu. Ndiye poti ndalama ikufunika, Lamlungu ndikaweruka kutchalitchi ndimakagwira ganyu yokonza nyumba zoterezo. Makapu ofiira apulasitiki paliponse mpaka m'bafa, mafupa a mapiko a nkhuku atapanikizidwa m'sofa, matawulo onunkha masanzi. Nyama yowotcha yosakhudzidwa n'komwe, thireyi yathunthu, ndimaitaya m'bini ndi manja angawa, foni m'thumba ikunjenjemera ndi uthenga woti kwathu chimanga chatha m'nkhokwe.

Zaka zina zonse pofika Disembala tauni imakhala bata. Chaka chimenechi ndi pamene anakulitsa mpikisano womaliza kuti mukhale matimu 12, ndipo gemu yoyamba yeniyeni anaiika kuno, Lachisanu usiku pa 20 Disembala, Notre Dame ndi Indiana, matimu a dera limodzi. Kunja kukuzizira koti makutu kuthothoka, anthu ali phee m'bwalo maola atatu mwa kufuna kwawo, atalipiranso ndalama zambiri. Jeremiyah Love atathamanga mayadi 98 kukagoletsa, ine ndinamvera kukuwa m'kolido ndikukankha ngolo ya zofunda zonyowa. Zinatha 27-17. Kenako anagonjetsa Georgia 23-10 ku New Orleans, Penn State 27-24 ku Miami. Kochi wawo Marcus Freeman anasanduka mfumu. Magemu amenewo anali kutali, komatu matenda a anzathu aja amadziwa ndandanda ya pa TV. Khirisimasi ndi Nyuwere ndinadyera kuntchito.

Fainolo inali ku Atlanta pa 20 Januwale 2025. Ohio State inatsogola 31-7, Notre Dame inayesetsa kubweza, koma zinathera pa 34-23. Chikho chimenechi a Notre Dame sanachitengenso chiyambire 1988, ndiye m'mawa mwake kuntchito kunali ngati pagwa zovuta, wina maso ali psuu. Tsiku lomwelo la gemu ndi limene Donald Trump analumbiritsidwa kukhalanso pulezidenti, ndipo pagulu lathu la Amalawi pa WhatsApp panalibe wokamba za mpira. Anthu ankatumizirana manambala a maloya a za mapepala, kufunsana kuti wina akagogoda pakhomo utsegule kapena ayi. Abwana anandipeza ndili duu, n'kundisisita paphewa, ati usadandaule, chaka chamawa tiwina.

Tiwina ndi ndani?

Ndiye sabata yomweyo mphwanga wa ku Area 25 anditumizira uthenga. Osafunsa kuti mwadzuka bwanji kumeneko, ayi. Ati waona pa Facebook kuti timu ya kwanuko inafika fainolo, mundigulireko jezi yake, yeniyeni osati ya pakaunjika. Ndinamuyankha kuti apite akasankhe yekha kumsika wa Tsoka, mwina aipeza yotchipa kuposa kuno.