Galu ali ndi njira yobwerera kuno, ana anga alibe

Dzulo masana, nthawi imene munthu wogwira ntchito usiku amayenera kukhala ali m'tulo, mayi wina wa pakampani yonyamula ziweto pandege anandiimbira foni kundiuza kuti katemera wa chiwewe amene galu wanga wakhala akulandira kwathu ku Bangula sawerengedwa. Analankhula mwaulemu wawo uja mumaudziwa anzanga amene muli kuno ku England, wopepesa poyamba ndi pomaliza pamene pakati pake akukubaya, ndipo atamva kuti ndangoti chete anandifunsa ngati sindingapeze galu wina konkuno, popeza agalu osowa eni ake ndi ambiri. Ndinawathokoza. Inde, ndinawathokoza, chifukwa kuno tinaphunzira kuthokoza ngakhale amene watiponda chala.

Mlandu wake ndi woti lamulo la kuno limafuna kuti galu ayambe waikidwa kachipangizo kotchedwa microchip pansi pa khungu la pakhosi, kokhala ndi nambala yake, ndipo katemera abwere pambuyo pake. Katemera aliyense amene anabayidwa kachipangizoko kasanalowe amaonedwa ngati anabayidwa galu wina wosadziwika. Galu wanga Akanene wabayidwa chaka ndi chaka pansi pa mtengo wa pabwalo la sukulu, alangizi a ziweto akabwera panjinga yamoto ndi bokosi lawo lozizira, ndipo khadi lake amayi amalisunga m'sutikesi limodzi ndi makadi athu a ubatizo. Mudzi wonse ukhoza kuikira umboni, a nyakwawa akhoza kudinda kalata, mlangizi amene anagwira jakisoniyo ali moyo ndipo foni yake imagwira. Zonsezo sizikuwerengedwa.

Ine sindinadabwe kwenikweni, pakuti mawu amenewa ndinayamba kuwamva ndisanakwere ndi ndege yomwe. Ndinaphunzitsa ana Chingerezi kwa zaka zambiri kuchigwa kuja, m'makalasi amene malata amalira ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala, koma pofuna viza ndinalipira ndalama kuti ndilembe mayeso osonyeza kuti Chingerezicho ndimachimva. Anandijambula m'chifuwa kufufuza TB. Laisensi yanga ya galimoto anandilola kuyendera miyezi 12 yokha, kenako inasanduka kapepala kokumbukira kwathu. Satifiketi yanga ya uphunzitsi ili pansi pa matiresi, ndipo mwini wake amasintha matewera a nkhalamba usiku wonse, kumwetulira agogo amene amamutchula dzina losiyana tsiku lililonse. Choncho atati katemera wa galu sawerengedwa ndinangoti Akanene ndi wa m'banja mwathu ndithu, watengera mbuye wake.

Ndiye mverani ulendo umene akufuna kuti galu wa kumudzi ayende. Akaikidwa kachipangizo kaja ndi kubayidwanso, adikire masiku osachepera 30 kuti atengedwe magazi. Magaziwo sayezedwa paliponse. Ayenera kupita ku labu yovomerezeka, ndipo imene ananditchulira ndi ya Onderstepoort, kufupi ndi Pretoria ku South Africa. Ganizirani kabotolo ka magazi a galu kakuchoka kuchigwa, kukwera chikweza cha ku Thabwa m'kati mwa madzi oundana, kukafika ku Blantyre, n'kuwoloka malire kupita kudziko kumene anyamata a kwathu amapita atapanikizana m'mabasi masiku angapo, ena opanda ndi pasipoti yomwe. Kumeneko akapeze kuti chitetezo m'magaziwo chafika pa muyezo wawo wa 0.5 IU pa mililita imodzi. Chikaperewera pang'ono, galu abayidwenso, masiku 30 awerengedwenso, kabotolo kakwerenso phiri. Chikakwana, musaganize kuti mwamaliza, chifukwa galuyo akhalabe ku Malawi miyezi ina itatu kuchokera tsiku limene magazi anatengedwa.

Achimwene, amene ndi iwo akuthamanga ndi zonsezi kumudzi, anandifunsa pafoni kuti, "Kodi iwe, galuyu akupita kukalowa usilikali?" Ndinalephera kuwayankha. Iwowa ndi amene anakanizidwa kukwera naye minibasi pa Bangula, kondakitala atanena kuti mbuzi ndi nkhuku amanyamula koma galu ayi, okwera onse n'kuvomereza, mayi wina n'kufunsa mokweza ngati banja lathu lasowa chochita ndi ndalama. Anatsika mwamanyazi, munthu wamkulu wokhala ndi zidzukulu, atagwira chingwe cha galu wa mng'ono wake amene ali kwa azungu. Nkhaniyo inafika kumudzi iwo asanafike. Tsopano ku Bangula kuli mbiri yoti ndinalemera mpaka ndikugulira galu tikiti, ndipo amalume anditumizira kale uthenga woti ngati galu akukwera ndege ndiye kuti malata 20 sangandivute. Sakudziwa kuti ndimagona m'kachipinda kamene ndikatambasula manja ndimakhudza makoma onse awiri, ndiponso kuti ndimadya nsima ya ufa wogula pamtengo umene ndimachita manyazi kuutchula.

Za galu wa konkuno uja anandilangiza mayi wa pafoni, ndinayesa kale. Kumalo kosungira agalu osowa eni ake anandipatsa fomu yaitali kuposa ya ukwati. Anafuna kudziwa ngati nyumba ili ndi bwalo lotchingidwa, maola amene galu azikhala yekha, ndiponso ngati eni nyumba alemba kalata yovomereza. Atamva kuti ndimagwira ntchito usiku anandiuza kuti moyo wanga sungamuyenere galu. Moyo womwewo unawayenera agogo awo, amene ndimawatembenuza pabedi pakati pa usiku ana awo ali mtulo m'nyumba zawo zofunda. Eni nyumba nawo anati galu akabwera lendi ikwera mwezi ndi mwezi, pamene chotenthetsera chipinda chinawonongeka kalekale ndipo ndikawakumbutsa amati akubwera sabata ya mawa. Kuno galu ali ndi inshuwalansi, ali ndi jekete ya nthawi yozizira, ali ndi dokotala wa mano, ndipo ndaona ndi maso anga munthu wa tayi akuwerama kutola chimbudzi cha galu ndi kapepala kapulasitiki n'kukaika m'thumba. Ndinaseka tsiku loyamba. Lero ndine amene ndikupempha chilolezo choti ndizichita zomwezo m'chipale chofewa, ndalama yanga ndikulipira. Walira mvula walira matope.

Koma ndibwerere ku mawu aja, chifukwa ndi amene andisowetsa tulo. Sawerengedwa. Akanati katemerayo anatha mphamvu ndikanamva, akanati khadi ndi lachinyengo ndikanatsutsa. Iwo sananene kuti galu akudwala, kapena kuti mlangizi ananama. Anangoti popanda nambala yowerengeka ndi makina awo, chimene chinachitika pansi pa mtengo uja sichinachitike. Alangizi athu amayenda mitunda m'dzuwa la kuchigwa, njinga ikutitimira mumchenga, mafuta ogula ndi ndalama ya m'thumba, agalu akuwauwa ndi kuwaluma, ndipo ntchito yawo yonse imafafanizidwa ndi munthu amene sadziwa ngati Nsanje ndi mudzi kapena mtundu wa nsomba.

Ndisaiwale zotsalazo, popeza ndinaziloweza kuposa katekisimu. Asananyamuke amwetsedwe mankhwala a njoka za m'mimba, pasanathe maola 120 koma patadutsa maola 24 asanalowe m'dziko muno, ndipo dokotala wa ziweto alembe tsiku ndi ola lake. Chikalata cha zaumoyo chosainidwa ndi dokotala wa boma chimagwira ntchito masiku 10 okha. Ndege yochoka ku Malawi kulunjika ku London kulibe, ndiye adutsire ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo ndege ikangochedwa maola a mankhwala aja akhoza kudutsa iye ali m'njira. Sakwera ndi anthu, amalembedwa ngati katundu, ali m'khola loyezedwa bwino loti athe kuimirira ndi kutembenuka. Ine pobwera mawondo anga anatupa chifukwa chopanikizika pampando, koma palibe amene anandiyeza ndi tepi kuti aone ngati ndingatembenuke. Chinthu chimodzi chikalakwika m'mapepalamo, galu amabindikiritsidwa mpaka miyezi inayi, wolipira ndiwe, kapena amabwezedwa kumene wachokera, wolipira ndiwe yemwe. Ndalama zimene ananditchulira zonse pamodzi zikanandigulira ng'ombe zingapo pamsika wa ku Ngabu.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti sindingathe kunena kuti anthuwa apenga. Chiwewe timachidziwa ife kuposa iwo. Ndili mwana, mnyamata wina wa m'mudzi mwathu anakandidwa ndi kagalu pamwendo, kabala kosati n'kumangira nsanza, ndipo patapita masabata anayamba kuthawa madzi, akuchita kukuwa akaona chikho, mpaka anamwalira atamangidwa manja ndi nsalu ya amayi ake. Matendawa akangoonetsa zizindikiro mankhwala kulibe. Padziko lonse amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo pafupifupi 40 pa 100 aliwonse ndi ana. Dziko la Britain linathana nacho chiwewe cha agalu m'zaka za m'ma 1920, ndipo kwa nthawi yaitali galu aliyense wochokera kunja ankabindikiritsidwa miyezi isanu ndi umodzi. Akutchinga pakhomo pawo, ndipo ine ndikanakhala iwo ndikanatchinganso. Chimene chimandiwawa ndi chakuti kwathu mwana wolumidwa amayenda ulendo wa tsiku lonse kukafuna jakisoni amene mwina sakamupeza, pamene ine ndili pano kuwerengera mapaundi oti ndiyezetse magazi a galu mmodzi wathanzi. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 aliwonse akalandira katemera m'dera, chiwewe chimaleka kufala, ndipo mu mzinda wa Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu khomo ndi khomo kuyambira 2015. Ndalama ya ulendo wa Akanene ikanabayitsa agalu onse a m'mudzi mwathu ndi midzi yoyandikana nayo. Ndimadziwa zimenezi, simufunika kundiuza.

Mudzafunsa kuti nanga ndikulimbanirana chiyani ndi galu wa mikute ndi minga ya mlamba, amene mayi uja atandifunsa mtundu wake ndinasowa cholemba pafomu. Mu Malichi 2023, usiku umene namondwe wa Freddy anatsitsa madzi kuchigwa, ndi iyeyu amene anauwa ndi kukanda chitseko mpaka tinadzuka, madzi ali kale m'khonde. Tinathawira kumtunda ana ali pamapewa, mbuzi zonse zinapita, nkhokwe inapita. Iye anasambira pambuyo pathu. Nditanyamuka, mayi a ana anga anasamukira ku Nchalo kunyumba ya lendi kumene galu saloledwa, ndipo Akanene anatsala ndi amayi anga, amene miyendo yawo yatha. Posachedwa m'mudzimo munadutsa galu wopenga, anyamata anayamba kupha galu aliyense woyenda yekha, ndipo Akanene anapulumuka chifukwa amayi anamutsekera m'khitchini. Palinso china chimene mwamuna sanena pagulu: ndikaweruka m'mawa ndimatsegula chitseko cha chipinda chimene mulibe chamoyo chilichonse chondidziwa.

Tsopano mverani chimene chandilembetsa zonsezi. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, munthu wobwera kuno pa viza yosamalira okalamba saloledwa kubwera ndi mkazi wake kapena ana ake. Ine ndinabwera lamulolo litayamba kale. Kwa galu njira ilipo, yaitali, yodula, yonyoza, koma ilipo, ndipo masitepe ake analembedwa bwinobwino: kachipangizo, katemera, magazi, miyezi itatu, mankhwala, chikalata, khola. Kwa ana anga palibe magazi amene ndingayezetse, palibe miyezi imene angadikire, palibe fomu. Akanati ana abayidwe kawiri, ayezedwe ku Pretoria, abindikiritsidwe miyezi inayi, ndikanagulitsa munda wa bambo anga lero lomwe. Mwana wanga wamkazi, amene ali mu Sitandade 5, anamva achimwene akusimba za minibasi ija, ndipo Lamlungu anandifunsa pafoni kuti, "Ababa, Akanene akafika, ife tibwera pambuyo pake?" Amayi ake analanda foni msanga n'kuyamba kundiuza za mtengo wa chimanga.

Ine sindinabwere kuno kudzakhala. Ndinabwera kuti ndimange nyumba ya njerwa zootcha pamalo okwera kumene madzi safika, kuti ana aphunzire popanda kuthamangitsidwa fizi, ndi kuti amayi asadzadyenso nyika chaka cha njala. Sindikufuna kuti mwana wanga akule akudziwa kuti bambo ake anatha kuitanitsa galu koma iye ayi, ngakhale cholakwa chisali changa. Ndawauza achimwene kuti asiye kuyenda ndi chingwe m'misewu. Agule waya ndi mitengo amange khola lolimba kuseri kwa nyumba ya amayi, alangizi akabwera akamubayitse monga mwa nthawi zonse pamodzi ndi agalu a oyandikana nawo, ndipo khadi libwerere m'sutikesi. Mgwirizano wanga wa ntchito ukatha ndikubwera ndekha, ngakhale nyumbayo ikhale isanafike pa mawindo. Amene mukupita kuchigwa mwezi uno kudzera ku Chileka ndipo muli ndi malo m'chikwama, ndiuzeni, ndikupatsireni mankhwala a nkhupakupa ndi nsapato za sukulu za ana awiri.