Kugula RAM yowonjezera sikungakuze heap pa Windows yakale

Zimandidetsa nkhawa ndikamva anthu akulangizana kugula RAM yowonjezera pamene pulogalamu ya Java yakana kuyamba pa kompyuta yakale, chifukwa nthawi zambiri vuto silikhala pamenepo. Pa Windows XP ya 32-bit, imene inatuluka mu 2001, malo onse a memory amene pulogalamu imodzi ingathe kuwaloza sapitirira 4 GB. Mwa malo amenewa, Windows imadzisungira theka, ndipo pulogalamu imatsala ndi 2 GB yokha, kaya m'makinamo muli RAM yochuluka motani.

Ngakhale 2 GB yotsalayo siingasanduke yonse heap, malo a memory amene pulogalamu ya Java imasungamo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito. JVM (pulogalamu imene imayendetsa mapulogalamu a Java) ya mtundu wa HotSpot imafuna kuti malo a heap akhale amodzi osadukiza, koma mafayilo a DLL (zigawo za mapulogalamu zimene zimalowetsedwa mu memory) amene Windows ndi mapulogalamu ena, monga oteteza ku mavayirasi, amalowetsa amakhala atamwazikana m'malo omwewo n'kuwadula m'zidutswa. Zili ngati kufuna kuyala mphasa yaikulu m'chipinda chimene mwaima mizati pakati. N'chifukwa chake munthu akalemba -Xmx2g, lamulo loti heap ikhoza kukula mpaka 2 GB, amayankhidwa kuti JVM yalephera kusunga malo okwanira a heap, ndipo malire enieni amagwera pakati pa 1.4 GB ndi 1.6 GB, mwinanso pansi pake.

Ena amawonjezera /3GB mu boot.ini, fayilo youza Windows mmene iyambire, kuti pulogalamu ipatsidwe 3 GB m'malo mwa 2 GB. Njirayi imapanikiza Windows kuti ikhale ndi 1 GB basi, komanso malo owonjezerawo sakhala olumikizana ndi oyamba aja, choncho heap imapindula pang'ono.

Chimene sindigwirizana nacho kwambiri ndi chizolowezi chokweza -Xmx mpaka pamapeto penipeni. Ma thread (tizigawo ta ntchito timene pulogalamu imayendetsa nthawi imodzi) amafuna malo awoawo kunja kwa heap, chimodzimodzinso ma class ndi ma library amene pulogalamu imagwiritsa ntchito. Heap ikameza zonse, pulogalamu imayamba bwinobwino, kenaka imagwa ndi OutOfMemoryError (uthenga woti memory yatha) pamene ntchito yachuluka ndipo JVM ikulephera kutsegula thread yatsopano, ndipo wosadziwa amaganiza kuti heap ndi imene yachepa n'kuyesanso kuikweza.

Maganizo anga ndi akuti amene akukakamizika kukhalabe pa makina otere asiyire zinthu zinazo mpata wokwanira, kenaka afufuze chimene chikudzaza heap. Ngati pulogalamuyo ikufunikiradi zoposa pamenepa, isamutsidwire ku OS (monga Windows) ndi JVM za 64-bit, makamaka poti Microsoft inasiya kuthandiza Windows XP mu Epulo 2014.