Pepala ligone mofanana ndi chipinda

Nkhani ina yokhudza ana ndi mapu yanena zoona kuti mwana wa zaka 3 akhoza kupeza chidole chobisidwa poona mapu osavuta, koma yasiya chomwe chimalakwika kawirikawiri. Mapuwo ayalidwe mofanana ndi chipinda: ngati khomo lili kumanja kwa mwana, papepalanso likhale kumanja. Mukangotembenuza pepalalo, mwana amalunjika pakona yolakwika chifukwa sanayambe kuzunguliza chithunzi m'mutu mwake, ndipo luso limeneli limakhwima mochedwa, akadutsa zaka 5. Yambani ndi zinthu zitatu zokha, bedi, tebulo ndi khomo, zojambulidwa ngati mukuziona muli kudenga. Samalaninso ndi mitundu: msewu wojambulidwa ndi pensulo yofiira, mwana wamng'ono amaganiza kuti ndi wofiiradi.