Bonjour ndiye "odi" wa Afalansa

Ambiri mwakhala mukundifunsa kumbali kuti, "Achimwene, n'zoona kuti Afalansa ndi onyada?" Lero ndiyankhe poyera, chifukwa chala chatopa kulemba yankho limodzimodzi.

Ine ndikuti ayi. Ndipo amene ndikunenane ndine yemwe ndinalumbira sabata yoyamba kuno ku Lyon, mzinda wa ku France komwe ndikuphunzira, kuti anthu awa alibe umunthu.

Zinayamba ndi buledi. Ndinalowa m'kashopu ka pafupi ndi pomwe ndimagona, n'kuloza buledi wamtali uja amati baguette, Chifalansa changa cha m'buku chili pakamwa. Mayi wogulitsa anandiyang'ana kaye, kenako anati "Bonjour" mokoka, n'kukhala duu. Ndinatuluka mtima ukuwawa, ndikudziuza kuti tsankho lija ndinkamva ndi limeneli. Madzulo nditamufotokozera mnzanga wa ku Senegal, anaseka mpaka misozi. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Unapereka moni?" Sindinapereke. Ine mwana woleredwa ndi agogo, amene sindingadutse munthu akulima osanena kuti "tiwonole", ndinalowa pakhomo pa eni popanda odi, kenako n'kumadandaula kuti sanandilandire.

Kuno bonjour ndi kiyi. M'basi, kubanki, kwa dokotala, ngakhale pofunsa njira, uyambe ndi ameneyo. Kusiyana kwake n'kwakuti moni wawo ndi wamfupi. Kwathu timafunsa za ana, za amayi, za mvula, mpaka mbuzi. Kuno akati "ça va?" iwe uyankhe "ça va", nkhani yatha. Ukayamba kulongosola za chimfine chako, uona maso akufunafuna polowera.

Pali pena pomwe ife tili patsogolo. Anzathu ochokera ku America amatuluka thukuta ndi "tu" ndi "vous", pomwe kwa ife ndi "iwe" ndi "inu" basi. Mphunzitsi ndi "vous", mnzako wa m'kalasi ndi "tu". Chomwe chinanditengera nthawi ndi moni wogunditsana masaya uja amati la bise. Tsiku loyamba ndinaima ngati mtengo wamagetsi.

Zamapepala sindichedwapo, chifukwa ndingalembe mpaka mawa. Viza uyitsimikize pa intaneti isanathe miyezi 3 chifikireni, ndipo lamulo limalola wophunzira wakunja kugwira ganyu maola 964 pachaka. Sungani pepala lililonse, ngakhale looneka lachabechabe. Mudzandithokoza.

Kusukulu amachonga pa 20, ndipo 10 ndiye kukhoza. Nditapeza 12 ndinakhumudwa, koma woyandikana naye anandigwira chanza ngati ndawina mpira. Nkhomaliro nayo saiseweretsa. Ikakwana 12 koloko anthu amakhala pansi n'kudya mwachifatse, ndipo maofesi ena amatseka mpaka 2 koloko. Ife ophunzira timathamangira kumalo athu odyera otchedwa CROUS, komwe chakudya n'chotchipa. Lamulungu masana mashopu ambiri amakhala otseka. Ndinagonapo ndi tiyi wopanda chotafunira kuti phunziro limeneli lilowe.

Koma musandimve ngati ndasanduka loya wawo. Chilipo chomwe mpaka pano sindinachizolowere, ndipo si kuzizira ayi. Jekete imathetsa kuzizira. Chovuta n'chakuti palibe amene amangotulukira pakhomo pako. Kuti uone mnzako, mupangane tsiku ndi ola, mwina sabata yamawa. Munthu wa chipinda choyandikana nane timapatsana bonjour m'mawa uliwonse kwa chaka chathunthu, koma sindidziwa ngati ali ndi abale. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, ndipo ukakhala m'kachipinda wekha, chete wake amalira m'makutu. Ngakhale pa 8 Disembala, mzinda wonse utawala ndi chikondwerero cha nyali chija amati Fête des Lumières, ndinayenda pakati pa chinamtindi cha anthu ndili ndekhandekha.

Komanso kumbukirani kuti Aafirika ambiri kuno ndi a ku Algeria, Morocco, Senegal, Côte d'Ivoire, ndipo Chifalansa anayamba kalekale. Ukati "Malawi", wina amayankha kuti, "Aa, Mali! Bamako!" Ndatopa nako kujambula mapu patebulo ndi chala.

Ndiye ndinasiya kudikira. Mwezi watha ndinapita ku Guillotière, komwe kuli mashopu a zakudya za ku Africa, n'kugula ufa wa chimanga. Suli ngati woyera wa kwathu, koma nsima inatheka. Ndinaitana anzanga atatu a m'kalasi, tsiku ndi ola ndinawauza kudakali sabata. Anafika nthawi yake, wina atanyamula tchizi chonunkha ngati bonya wonyowa. Awiri anadya ndi foloko. Wachitatu, mtsikana wa ku Grenoble, anasamba m'manja, n'kumaonera momwe ndikumbwandira, kenako anawonjezera mtanda wachiwiri. Loweruka likubwerali andiitana kwa makolo ake, ndipo ndikufunsafunsabe kuti mlendo amanyamula chiyani.